Albie Sachs: woweruza wa mkono umodzi amene anakana kubwezera

Pa 7 Abril 1988, tsiku la amayi a dziko la Moçambique, maofesi onse anali otseka mumzinda wa Maputo. Bambo wina wachizungu wochokera ku South Africa, amene ankagwira ntchito ku Unduna wa Zachilungamo, anatuluka m'nyumba m'mawa kuti akapitidwe mphepo kugombe la nyanja. Atangogwira chitseko cha galimoto yake, bomba linaphulika. Madokotala a pa Hospital Central anapulumutsa moyo wake, koma mkono wamanja anaudula, ndipo diso limodzi linasiya kuona. Amene anatchera bombalo anali akazitape a boma la tsankho la ku Pretoria.

Bamboyo ndi a Albie Sachs. Patapita zaka 6, mu 1994, Pulezidenti Nelson Mandela anawasankha kukhala mmodzi mwa oweruza 11 a bwalo latsopano lotchedwa Constitutional Court. Ntchito ya bwaloli ndi kuonetsetsa kuti boma, aphungu ndi mabwalo ena onse a milandu asaphwanye Malamulo Aakulu a dziko. A Sachs anakhala pampando umenewu zaka 15, kufikira 2009.

Zigamulo zimene anasiya zimaphunzitsidwa m'masukulu a zamalamulo m'mayiko ambiri. Koma munthu amene anakhalapo pabwalo la a nyakwawa, n'kuona mmene akuluakulu amazengera mlandu wa malire a munda, sangavutike kumva maganizo awo. Woweruza wina amangofunsa kuti wolakwa ndani, ndipo alipire zingati. A Sachs ankafunsanso funso lina: mlanduwu ukatha, anthu awiriwa akakhala bwanji mawa, popeza dziko lawo ndi limodzi ndipo palibe amene asamuke?

Ngakhale chizindikiro cha bwalolo chimanena zomwezi. Pachizindikiropo palibe sikelo kapena lupanga monga pa makhoti a ku Ulaya. Pali mtengo, ndipo pansi pake pabisala anthu, ena akuda ena oyera. Nyumba ya bwaloli, imene inatsegulidwa mu 2004 ku Johannesburg, anaimanga pamalo pamene panali ndende yakale ya Old Fort, kumene a Mandela ndi a Mahatma Gandhi anatsekeredwapo. Njerwa zina za khoma la m'chipinda choweruzira anazigumula kundende komweko. A Sachs anali pakati pa amene analimbikira kwambiri kuti zikhale choncho.

Zimene anaphunzira ku Maputo

A Sachs anabadwira ku Johannesburg mu 1935. Ali ndi zaka 17 analowa nawo m'gulu lonyozera malamulo a tsankho, ndipo ali ndi zaka 21 anali atayamba kale ntchito ya uloya, amene pa Chipwitikizi amati advogado, mumzinda wa Cape Town. Ambiri amene ankawaimira anali anthu akuda. Mu 1963 apolisi anawatsekera okhaokha m'chitokosi masiku 168 popanda kuwatengera kukhoti. Mu 1966 anathawira ku England, ndipo mu 1977 anabwera ku Moçambique, dziko litangolandira ufulu. Anayamba ndi kuphunzitsa zamalamulo pa Universidade Eduardo Mondlane, kenako analowa ku Unduna wa Zachilungamo.

Zaka zimenezo ndi zomwe boma linkakhazikitsa mabwalo otchedwa tribunais populares, potsatira lamulo la 1978. Okalamba akuwakumbukira. Kumidzi oweruza ake sanali ophunzira zamalamulo. Anali alimi ndi antchito osankhidwa ndi anzawo, ndipo pakati pawo panali amayi, chinthu chimene chinali chachilendo nthawi imeneyo. Ankaweruza ndi nzeru za pamudzi, m'chinenero cha eni mlandu, ndipo poyamba ankayesa kuyanjanitsa. A Sachs anachita nawo chidwi mabwalowa, mpaka analemba buku lonena za iwo pamodzi ndi mayi Gita Honwana Welch, lomwe linatuluka mu 1990. Mabwalo amenewa ndi omwe analowedwa m'malo ndi ma tribunais comunitários kuyambira 1992.

Koma sanaone zabwino zokhazokha. Mu 1979 boma linakhazikitsa bwalo la asilikali lokhala ndi mphamvu yolamula kuti munthu awomberedwe. Mu 1983 kunabwera lamulo la chamboko, lokwapula anthu pagulu, lomwe linathetsedwa mu 1989. Chaka chomwecho cha 1983 kunachitika Operação Produção, pamene anthu ambiri osakhala pantchito anawatola m'mizinda n'kukawatula ku Niassa, ambiri mwa iwo popanda kowadandaulira. Sukulu yophunzitsa maloya nayonso inatsekedwa chaka chimenecho.

Anthu ambiri omenyera ufulu masiku amenewo ankaganiza kuti mndandanda wa maufulu wolembedwa m'Malamulo Aakulu ndi msampha wa olemera, wofuna kutchinjiriza chuma chawo. A Sachs anafika potsimikiza kuti wosauka ndiye amaufuna kwambiri. Wolemera akamangidwa amakhala ndi mnzake ku ofesi amene angamuyimbire foni. Wosauka alibe china koma lamulo. Ndipo boma, ngakhale lokhala ndi zolinga zabwino, likapanda wolidzudzula limayamba kupondereza omwe linkati likuwamasula.

Phunziro lomweli analitengera ku chipani chawo cha ANC. Kunamveka kuti m'misasa ya chipanicho kunja kwa dziko, anthu oganiziridwa ukazitape ankazunzidwa. Mtsogoleri wake, a Oliver Tambo, anapempha a Sachs kuti alembe malamulo a mmene ogwidwa ayenera kusungidwira. Malamulowo anavomerezedwa pamsonkhano wa ku Kabwe, ku Zambia, mu 1985, ndipo analetsa kuzunza munthu pofuna kuti aulule, ngakhale atakhala mdani.

Dzanja lamanzere

Ali chigonere m'chipatala, anzawo ena anawalonjeza kuti adzawabwezerera. A Sachs sanakondwere nazo. Ankadzifunsa kuti dziko likadzaza anthu odulidwa manja, ufuluwo udzakhala wotani? Kubwezera kumene iwo ankafuna kunali kwina. Ankati ngati wotchera bomba atagwidwa, n'kuzengedwa mlandu moyenera, umboni n'kupezeka wosakwanira, munthuyo n'kumasulidwa, pamenepo ndiye kuti iwo apambana, chifukwa ndiye kuti lamulo layamba kulamulira.

Mawu otere ndi osavuta kuwanena pamene mdani ali kutali. Koma tsiku lina, a Sachs ali kale woweruza, kuofesi kwawo kunafika munthu wina dzina lake Henri, amene kale anali m'gulu la akazitape a asilikali. Anaulula kuti anathandiza nawo pokonza chiwembu cha ku Maputo. A Sachs anamumvetsera, koma anakana kumupatsa moni wa padzanja. Anamuuza kuti ayambe wapita ku bungwe la Truth and Reconciliation Commission, lomwe linkatsogozedwa ndi a Desmond Tutu, akanene zonse zimene akudziwa. Munthuyo anapitadi. Patapita miyezi anakumananso, ndipo a Sachs anamupatsa dzanja lamanzere, lomwe linatsala. Choyamba chinali choonadi, moni unabwera pambuyo.

Mlandu woyamba umene bwalo latsopanoli linamva unali wa chilango cha imfa. Nthawi imeneyo anthu oposa 300 anali m'ndende kudikira chingwe. Pa 6 Junho 1995 oweruza onse 11 anagwirizana kuti chilangochi chikutsutsana ndi Malamulo Aakulu. Chigamulo chachikulu analemba ndi mkulu wa bwalolo, a Arthur Chaskalson, koma aliyense anawonjezera maganizo ake. A Sachs anadandaula kuti makhoti a ku South Africa ankangofunsira nzeru kumabuku a ku Holland ndi ku England, ngati kuti Africa analibe malamulo azungu asanafike. Anakumbutsa kuti m'mabwalo ambiri a makolo a kummwera kwa Africa, mlandu wakupha unkatha ndi dipo la ng'ombe, ndipo anatchula mfumu Moshoeshoe ya Abasotho, imene sinkafuna chilango cha imfa. Sanabise kuti anthu oganiziridwa ufiti ankaphedwa, ndipo anati mwambo wotere ndi woyenera kuusiya. Apa Moçambique anali atatsogola kale, pakuti Malamulo Aakulu a 1990 anathetsa chilango cha imfa.

Zisakasa 29

Mlandu umene umaonetsa bwino mutu wa a Sachs ndi wa ku Port Elizabeth, wa chaka cha 2004. Anthu 68, mwa iwo ana 23, anamanga zisakasa 29 pamalo a eni ake, pafupi ndi dera la anthu opeza bwino lotchedwa Lorraine. Ena anali atakhalapo zaka 2, ena mpaka 8. Anthu 1,600 a m'deralo anasayina chikalata chopempha khonsolo ya mzinda kuti iwachotse. Khonsolo inapita kukhoti. Inati anthuwo apite ku Walmer, koma iwo anakana ponena kuti kumeneko n'kothithikana, kuli umbanda, ndipo palibe chowatsimikizira kuti sakathamangitsidwanso.

Mlanduwu unali wovuta chifukwa mbali zonse zinali ndi mfundo. Malowo analidi a eni ake, ndipo Malamulo Aakulu amateteza katundu wa munthu. Koma malamulo omwewo, pa ndime 26, amati munthu asachotsedwe panyumba pake kapena kumugwetsera nyumba popanda chilolezo cha khoti, ndipo khotilo liyambe laona mbali zonse. Kumbuyo kwa ndime imeneyi kuli mbiri yowawa. Kuyambira ndi lamulo la malo la 1913, anthu akuda anapanikizidwa pa kachigawo kakang'ono ka dziko lawo, ndipo kwa zaka zambiri apolisi ankangobwera ndi mathirakitala n'kusalaza midzi.

A Sachs, polemba m'malo mwa bwalo lonse, anakana kunena kuti ufulu wina ndi wamkulu kuposa unzake. Anati woweruza asamangowerenga chikalata cha malo n'kusayina. Afunse mafunso. Anthuwa akhalapo nthawi yaitali bwanji? Pali ana angati? Mwini malo akufuna kuwagwiritsa ntchito lero, kapena angogona? Akachotsedwa akagona kuti? Ndipo funso lalikulu: kodi alipo amene anakhala nawo pansi n'kuwamvera? Zinapezeka kuti khonsolo sinachite zimenezo. Inawaona ngati vuto loyenera kulisesa, osati ngati anthu okhala ndi mayina. Choncho bwalo linakana kulamula kuti achotsedwe. Silinanene kuti malowo asanduka awo. Linati mbali zonse zikambirane, ngati n'kotheka pakhale mkhalapakati, ndipo khoti lili ndi mphamvu yowatuma kukachita zimenezo.

M'chigamulochi a Sachs anagwiritsa ntchito mawu akuti ubuntu, omwe ndi umunthu. Maloya ena anang'ung'udza. Ankati umunthu sungayezedwe, ndipo mwini malo sangadziwiretu kuti khoti ligamula bwanji ngati woweruza aliyense aziyendera chifundo chake. Dandaulo limeneli si lopanda pake. Amene anagula munda ndi thukuta lake, n'kupeza wina wamangapo, sangakondwe kuuzidwa kuti adikire zokambirana. Koma a Sachs sankanena za chifundo cha mumtima ayi. Ankapereka mafunso oti woweruza aliyense ayankhe poyera, kuti wogonja adziwe chimene wagonjera.

Ana a wolakwa

Mu 2007 kunabwera mlandu wa mayi wina amene m'mabuku a khoti amangotchedwa M, pofuna kubisa ana ake. Mayiyu ankalera yekha ana aamuna atatu. Anapezeka wolakwa pa milandu yachinyengo cha ndalama, ndipo sikanali koyamba. Khoti laling'ono linamulamula kukakhala kundende zaka 4, osafufuza mokwanira kuti anawo atsala ndi yani.

A Sachs anati pamenepo khoti linalakwitsa. Malamulo Aakulu amati pa nkhani iliyonse yokhudza mwana, ubwino wa mwanayo ukhale patsogolo. Mwana ndi munthu payekha, si chiwalo cha mayi ake choti chimire nawo limodzi. Choncho woweruza asanatumize kundende kholo limene likulera lokha ana, ayenera kufufuza kuti anawo adzasamalidwa ndi yani, ndiponso ngati pali chilango china chokwanira. Mayiyo sanangomasulidwa. Analamulidwa kukhala pansi pa uyang'aniro wa akuluakulu a ndende ali kunyumba, kugwira ntchito zothandiza anthu popanda malipiro, ndi kubweza ndalama kwa onse amene anawabera. Chigamulochi sichikuti kholo lisamangidwe. Mlandu ukakula, ndende ilipo. Chikuti ana asaiwalike. Oweruza ena pabwalo lomwelo sanagwirizane ndi chilangocho, poona kuti mayiyo anabwereza kulakwa.

Chaka cha 2006 panali mlandu wina wooneka waung'ono, woipitsirana mbiri pakati pa akuluakulu awiri a khonsolo, a Dikoko ndi a Mokhatla. Khoti linalamula chipukutamisozi cha marandi 110,000. A Sachs ndi mayi Yvonne Mokgoro anati ndalama zokha sizitsuka dzina. Woipitsidwa mbiri amafuna kuti wolakwayo aime pagulu, abweze mawu ake ndi kupepesa. Ndalama zambiri zimangosiya wina wasauka, chidani chili pomwepo. Pa mfundo imeneyi anzawo ambiri sanawatsate, koma maganizo awo anatsala m'mabuku. Kumudzi zimenezi si zachilendo. Nkhuku ya chipepeso mtengo wake ndi wochepa, chachikulu ndi kuipereka anthu akuona.

Chigamulo chimene chinautsa mkangano waukulu ndi cha pa 1 Dezembro 2005, pa mlandu wa amayi awiri amene ankafuna kuti boma livomereze ukwati wawo. A Sachs analemba kuti lamulo la ukwati, posiya kunja amuna kapena akazi okwatirana okhaokha, linkaphwanya ndime yoletsa tsankho. Mipingo yambiri ndi mafumu anakwiya, ndipo ambiri mpaka lero sagwirizana nazo. Koma kachitidwe kawo kanali komweko. Analemekeza chikhulupiriro cha otsutsa, nanena kuti palibe m'busa kapena wansembe amene adzakakamizidwe kudalitsa ukwati umene chipembedzo chake chimakana. Anatinso khoti silingagwiritse ntchito buku la chipembedzo chimodzi poweruza nzika zonse. M'malo mosintha lamulolo tsiku lomwelo, anapatsa Nyumba ya Malamulo chaka chimodzi kuti ikonze yokha. Woweruza mnzawo, mayi Kate O'Regan, anatsutsa kudikiritsako, nati wolakwiridwa sayenera kuuzidwa kuti abwere chaka chamawa. Aphungu anakhazikitsa lamulo latsopano mu Novembro 2006.

Pamene pepala limalephera

Si onse amene anatuluka m'bwalo limeneli akumwetulira. Mu 1997 bambo wina wa ku Durban, a Soobramoney, amene impso zawo zinasiya kugwira ntchito, anapempha khoti kuti lilamule chipatala cha boma kuwaika pamakina otsuka magazi. Makinawo anali ochepa, odwala ambiri, ndipo chipatala chinkasankha okhawo amene akanatha kuchira. Bwalo linakana pempholo. A Sachs anagwirizana ndi anzawo, nalemba kuti pamene zinthu zili zochepa, kugawa mwachilungamo ndi mbali ya ufulu womwewo, chifukwa kupatsa wofika kukhoti ndiye kumana wina amene sanathe kufikako. Bamboyo anamwalira patangopita masiku ochepa. Anthu ambiri anati bwalo la umunthu lasiya munthu kuti afe.

Nkhani ya mayi Irene Grootboom nayonso imatchulidwa kawirikawiri. Mu 2000 bwalo lonse linagamula kuti ndondomeko ya boma ya nyumba inali yolakwika chifukwa sinkaganizira anthu ovutikitsitsa, osowa ndi pogona pomwe. Dzina la mayiyu linamveka dziko lonse lapansi. Koma pamene ankamwalira mu 2008, anali akukhalabe m'chisakasa. Woweruza amalemba chigamulo, koma njerwa ndi malata zili m'manja mwa ena.

Enanso ankanena kuti zigamulo za a Sachs n'zazitali, ndipo zimamveka ngati ulaliki kusiyana ndi lamulo. Iwo sankakana kuti amalemba mosiyana ndi anzawo. Ankakhulupirira kuti wogonja ayenera kuwerenga chigamulo n'kuona kuti mawu ake anamveka, ngakhale sanapambane. M'buku limene analemba mu 2009 anafotokoza kuti chigamulo chimene chimaoneka chosalala papepala chimakhala chitalembedwa ndi kufufutidwa kambirimbiri, woweruza akusinthasintha maganizo.

Komabe mbewu ya ku Port Elizabeth inamera. Mu 2008 bwalo lomwelo linaweruza mlandu wa anthu oposa 400 okhala m'nyumba ziwiri zakale zosanjikizana pakati pa mzinda wa Johannesburg, zimene khonsolo inkati n'zoopsa ndipo anthu atulukemo. Lisanagamule, bwalo linalamula mbali ziwirizo kuti zikakhale pansi. Zinakambiranadi, n'kugwirizana kuti nyumbazo ziyambe zakonzedwa pang'ono, ndipo anthuwo apatsidwe malo ena ogona asanasamuke. Chigamulocho analemba ndi woweruza wina, a Zak Yacoob, koma anatsamira pa zimene a Sachs analemba mu 2004. Kuyambira pamenepo, khonsolo yofuna kuchotsa anthu imayenera kuonetsa khoti kuti inayesa kukambirana nawo moona mtima.

Nkhani imeneyi ikukhudzanso mabanja a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi madera ena a m'malire amene ali ndi ana ku Joni, pakuti ambiri mwa iwo amagona m'nyumba ndi m'zisakasa zotere. Ndime 26 ija, ponena za kuchotsa anthu, siikunena za nzika zokha. Ikuti munthu aliyense. Ndipo mu 2004 bwaloli linaweruzapo mlandu wa anthu ochokera ku Moçambique, amene anathawa nkhondo m'zaka za m'ma 1980 n'kukhazikika m'chigawo cha Limpopo. Boma linkawamana ndalama zothandizira okalamba ndi ana ponena kuti si nzika. Mayi Mokgoro, polemba m'malo mwa oweruza ambiri, anagamula kuti amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale ayenera kulandira thandizolo mofanana ndi eni dziko.